Chimanga Chimene Mbozi Zinachikana

Mutu 6

1. Lichero la a Monika

"Alamu, lichero langa la mbewu lija mukulisungabe? Mvula ino ndi yachitatu."

A Monika ananena zimenezi asanakhale n'komwe pansi. Moni anachita kutsatira pambuyo. Anali atawoloka mtsinje ndi ndodo yawo m'mawa wa Loweruka, nkhungu ya ku Chongoni isanachoke m'mitengo, ndipo chitenje chawo chinali chitanyowa ndi mame mpaka m'maondo.

Zilole anasiya mapoto amene ankatsuka n'kuthamangira mkeka. Mtsikanayu anali mwana woyamba wa a Falesi, ndipo anali Fomu 2. A Monika anali azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake.

"Mwadzuka bwanji, azakhali?" anatero atagwada.

"Ndadzuka, mwana wa mlongo wanga. Koma amayi akowa ndiwo akundisowetsa tulo."

A Falesi anatuluka m'nyumba akumanga mpango kumutu. Sanali munthu wobisala kuchipinda mwini ngongole akafika. Ankatuluka, n'kuyamba kulimbana naye pamaso.

"Wakana ndani, alamu? Chaka chatha munaona nokha zimene mbozi zinachita. Ndikanakupatsani chiyani, mapesi?"

"Chaka chatha ndinakhala chete chifukwa yanga inalipo," anatero a Monika. "Chaka chino ndilibe. Mmene ndinagonekedwa kuchipatala ndi mwendo uwu, makoswe analowa m'khitchini n'kumaliza mbewu yonse imene ndinapachika pautsi. Anandisiyira zitsononkho zokhazokha. Ndazungulira mudzi wathu, ndazungulira mudzi wanu. Aliyense anathamangira chimanga cha m'mapaketi. Mthikinya wotsala mbali yonse ino ndi umene uli m'munda mwanu."

Mthikinya ndi chimanga chamakolo, chofiirira ngati dzungu lakupsa. Maso ake ndi olimba, anankafumbwe amachita kuvutika nacho. Mbewu imeneyi inachokera kwa amayi awo a Monika, ndipo malemu bambo ake a Zilole phala la chimanga china sankalifuna.

Tsono kwawo kwa a Monika, ngongole ya mbewu sabweza ndi chimanga chotapa m'nkhokwe. Mwini mbewu amalowa yekha m'munda chimanga chikayamba kumasula, n'kusankha mapesi amene amukomera. Pa phesi lililonse amamanga mfundo pa tsamba. Phesi la mfundo palibe amalikhudza. Sathyolapo chowotcha, mwana alire bwanji. Likauma, mwini mfundo amabwera kudzakolola yekha.

"Mumange mizere iwiri," anatero a Falesi.

"Mizere iwiri ya mbozi zanuzo? Lichero lagona mvula zitatu. Labereka."

"Lichero si mbuzi, alamu."

"Mukadafuna lisabereke mukadabweza."

Anakokana choncho mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Pomaliza anagwirizana kuti a Monika amange mfundo zokwana lichero limodzi ndi theka, paliponse pamene dzanja lawo lafuna.

Zilole atamva mawu oti paliponse, anaponya maso kumtunda kwa munda.

2. Botolo la amalume

Nkhani yake inali iyi. Mvula isanagwe, a Falesi anadulira Zilole kachigawo ka kumtunda kwa munda, mizere ingapo ya mbali ya phiri. Anamupatsa mthikinya wodzaza kambale.

"Wakula," anatero. "Ulime wekha, upalire wekha, uone mmene chakudya chimavutira."

Sabata yomweyo amalume ake a Kenan anamuitanitsa. A Kenan anali mlongo wa a Falesi, ndipo mbumba yonse inali m'manja mwawo. Anakhalitsa ku Joni akugwira ntchito pa famu yaikulu, ndipo atabwerako anatsegula golosale pa Linthipe. Yunifolomu ya Zilole, makope, nsapato, zonse zinkachokera kwa iwo.

Anamulowetsa kuseri kwa kauntala n'kutulutsa botolo la pulasitiki. M'katimo munali chimanga chachikasu chopakidwa mankhwala ofiira.

"Ichi sichili ngati chanu chija," anatero. "Kumene ndinali, munda kuyambira pano mpaka phiri ilo, sunkaona tsamba lobooka. Mbozi ikangoluma, yafa. Anthu ophunzira anachikonza m'kati mwenimweni. Ukabzale kumtunda kwako kuja. Amayi ako usawauze, amalongolola. Chikauma chonse n'changa, ndikufuna mbewu yogulitsa. Iwe malipiro ako ndi sukulu. Fomu 3 ukayambira yogonera komweko, usiye kuyenda ndi mame m'miyendo."

Zilole ankanyamuka kusanache kupita ku sekondale yoyendera, n'kubwerako dzuwa litapendeka, miyendo ikuphwanya. Analandira botolo lija ndi manja awiri.

Mthikinya wa m'kambale anakauponya m'mapando a amayi ake amene sanamere. Kumtunda anabzalako cha m'botolo. Anachedwa kubzala, chifukwa anadikira tsiku limene amayi ake anapita kumaliro.

Ndipo zimene ananena a Kenan zinachitikadi, tisaname. Mbozi zinabwera mu Januwale monga mwa chizolowezi chawo. A Falesi anathira phulusa m'mitima ya chimanga. Anathira mchenga. Anathira msuzi wa bonya kuti nyerere zibwere zidye mbozizo. Masamba anabookabe ngati sefa. Koma kumtunda kwa Zilole kunali biriwiri, tsamba lililonse lathunthu.

A Falesi ankati ndi manyowa a mbuzi amene mwanayo anatuta. Ankaimitsa aliyense wodutsa kuti aone.

3. Mfundo

Atatuwo anatsika kumunda. A Monika maso awo anali atayamba ng'ala, choncho ankasankha ndi manja. Ankagwira phesi pansi, n'kuligwedeza, kenaka n'kusisita tsamba kuyambira patsinde mpaka kunsonga.

Kumunsi anamanga mfundo ziwiri, zitatu, akung'ung'udza. "Alamu, mwalima chimanga kapena mwaweta mbozi?"

"Mangani, musalalikire," anatero a Falesi.

Koma a Monika pa nkhani ya mbewu sankatha kukhala chete. Anaitana Zilole kuti awagwirire ndodo.

"Mwana iwe, tamvera, chifukwa mawa ine kulibe. Mbewu si chakudya. Chakudya umadya lero, mawa waiwala. Mbewu ndi ya anthu amene sunawaone. Iyi amayi anga anabwera nayo itamangidwa pansonga ya chitenje, ndipo inadutsa njala ziwiri osadyedwa. Ife tinkalira, iwo n'kutiphikira nkhwani yokhayokha, chimanga chili pamwamba pa moto chikutiyang'ana. Tinkati amayi ndi oipa mtima. Mvula itagwa tinaona kuti oipa mtima ndi amene anakazinga mbewu yawo.

"China ndi ichi. Ukasunga mbewu usamanamize anthu. Munthu akabwera kudzapempha amakhulupirira pakamwa pako, chifukwa maso a chimanga sayankhula. Ukamupatsa yolakwika sadziwa lero. Adzadziwa mvula itapita, ana ake akumuyang'ana. Wakuba nkhuku amaba tsiku limodzi. Wonama pa mbewu amaba chaka chonse, ndi chinzake chotsatira."

"Ndamva, azakhali," anatero Zilole, maso ali pansi.

Anakwera mizere pang'onopang'ono mpaka kufika kumtunda. A Monika anagwira phesi loyamba la Zilole. Analigwedeza, osagwedezeka. Anasisita tsamba, osapeza kabowo. Anagwira lachiwiri, lachitatu, n'kuima.

"Tsono uyu ndiye mthikinya wa amayi anga," anatero chapansipansi. "Uyu ndiye ndimamukumbuka."

"Walima ndi mwana wanuyo," anatero a Falesi monyada. Kenaka anazindikira chimene chikubwera. "Alamu, musatenge pabwino pokhapokha."

"Munati paliponse."

"Ndinati paliponse, sindinati pamodzimodzi."

"Mboni ndi mwanayu."

Zala za a Monika zinayamba ntchito. Mfundo, mfundo, mfundo. Anatha mzere woyamba, analowa wachiwiri.

"Azakhali," anatero Zilole, "kumunsi kuja kulinso mapesi abwino."

"Ndi iwenso ukundimana? Wayamwa kwa amayi ako." A Monika anaseka. "Usade nkhawa, sindidya ndekha. Makoswe andiphunzitsa. Ndikakolola ndigawira akazi a m'mudzi mwathu ndi mwanu muno, aliyense kakapu kake. Mbewu ikakhala m'makhitchini ambiri khoswe mmodzi saimaliza. Ndipo ndidzawauza kuti inapulumukira m'manja mwa mwana wa mlongo wanga."

Atamaliza anatambasula dzanja n'kufinya nsonga ya phesi limodzi.

"Ichi chinachedwa, koma ngayaye zafika pakhosi. Masiku ochepa chimasula."

Zilole anayang'ana kumunsi. Mthikinya wa amayi ake unali utayamba kutulutsa ndevu. Mphepo inkachokera kuphiri, n'kudutsa m'mizere yake, n'kutsikira komweko.

4. Funso la pa wailesi

Lamulungu Zilole sanadye bwino. A Falesi anamugwira pamphumi, anaona kuti sakutentha, n'kumuuza kuti asiye manyado pa chakudya.

Lolemba, anzake atatuluka m'kalasi, iye anatsalira. A Misheck, aphunzitsi a zaulimi, ankapukuta bolodi.

"Aphunzitsi, kodi kuli chimanga chimene mbozi ikaluma imafa?"

"Chilipo. Wachimva kuti?"

"Pa wailesi."

A Misheck anakhala pa desiki.

"Amachitcha chosinthidwa chibadwa. M'nthaka muli kachilombo kena kosaoneka ndi maso, kamene kamapanga mankhwala opha mbozi. Akatswiri anatenga kachidutswa ka chibadwa chake n'kukaika m'chibadwa cha chimanga. Tsono chimangacho chimadzipangira chokha mankhwalawo m'masamba mwake. Si ufiti, ndipo usamvere zoti ukadya umadwala pomwepo. M'mayiko ena anthu akhala akudya kwa zaka zambiri. Mwina tsiku lina chidzatithandiza ndi kuno, chifukwa mbozi zatisautsa."

"Ndiye kuti n'chabwino?"

"Ndati mwina. Mpeni ndi wabwino, koma sapatsirana mumdima. Mbewu yotere siyenera kulowa m'dziko m'chikwama cha munthu. Oyesa amatenga chilolezo cha boma, n'kuyesera m'munda wotchingidwa, kutali ndi minda ya anthu. Amafuna aone kaye ngati ikugwirizana ndi nthaka yathu, ndi tizilombo tina tothandiza, ndi mbewu zathu. Komanso mbozi si zopusa. Mukabzala mwachisawawa, zochepa zimene zapulumuka zimaswana, ndipo ana ake chimangacho sachiopanso. Pakatha zaka zingapo mumapezeka muli ndi mbozi zolimba kuposa zoyamba. Pamwamba pa zimenezo, mbewuyo ili ndi eni ake amene anaikonza. Salola kuti uzisunga n'kumagulitsa. Amafuna chaka chilichonse uzibwera kwa iwo."

Zilole anasendera pafupi. "Nanga chikabzalidwa pafupi ndi chamakolo?"

"Zimenezo unaphunzira ku pulayimale. Mungu umachokera kuti?"

"Ku ngayaye."

"Umagwera pati?"

"Pa ndevu."

"Pa ndevu za chimanga chilichonse chimene mphepo yapeza. Mphepo sidziwa malire a munda. Ngayaye zikatseguka, mbewu ya pafupi imalowedwa, ndipo cholowacho sungachichotse ndi lichero. Ukhoza kupeta mpaka manja kutupa. Ukabzala mbewu imeneyo, nayo imakapatsira ina. Chamakolo chija chimatsala dzina lokha, ndipo palibe sitolo imene ungakachigulenso."

Anaimirira n'kutola choko chawo. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Wailesi yako ija, ngati ili ndi munda, ukaiuze kuti isadikire ngayaye."

5. Amayi ayamba malonda

Zilole sanadzere kunyumba. Analunjika kumunda ali mu yunifolomu.

Kumtunda, nsonga za ngayaye zinali zitasuzumira pa mapesi angapo. Zinali zikadali zopindika, zobiriwira, zosatseguka. Pansi pake mfundo za a Monika zinkagwedezeka ndi mphepo.

A Falesi anali kumunsi ndi ndowa ya phulusa. Anadzuka atagwira msana.

"Yunifolomu imeneyo uchapa ndi sopo wa ndani?"

"Amayi, cha kumtunda chija si mthikinya."

"Wati chiyani?"

Zilole anagwada pakati pa mizere n'kunena zonse: botolo, golosale, sukulu yogonera, tsiku la maliro, ndi zimene ananena a Misheck. A Falesi anamvetsera osaphethira. Mwanayo atatha kunena, a Falesi anaika ndowa pansi pang'onopang'ono, ndipo Zilole anadziwa kuti bola akadaiponya.

"Ndiye ine ndakhala ndikuimitsa anthu pamsewu, ndikutamanda ndowe za mbuzi, iwe uli chete?"

"Pepani, amayi."

"Pepani wako ndimuphike? Tamvera, chifukwa sindibwereza. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, za chibadwa zakozo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu akakupatsa chinthu n'kunena kuti usauze amayi ako, ameneyo sakukupatsa, akukugula. Akhale mnyamata wa pamsika, akhale malume ako. Chinthu chabwino chimalowera pakhomo masana, anthu n'kuchiona, n'kuchifunsa mafunso. Kenan ndinamubereka kumsana ine, ndimamudziwa. Akadakhala kuti sakuopa kanthu akadabzala kuseri kwa golosale yake. Anafuna munda wa mwana wamasiye kuti zikavuta anene kuti sakudziwa. Ndipo taona pamene watifikitsa. Alamu anga ndalimbana nawo mvula zitatu, koma sindinawanamizepo. Kuchedwa kubweza n'kwina, kubweza chabodza n'kwina. Akadagawira mudzi wonse chinthu ichi m'dzina la bambo ako."

Anakwera kumtunda, Zilole akutsatira. Anaima n'kuyang'ana chimanga chija nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana chawo chobookabooka. A Falesi sanali munthu wotaya chakudya, ndipo mutu wawo unayamba malonda.

"Aphunzitsi akowo akuti choipa ndi ngayaye?"

"Ee."

"Ndiye tizule ngayaye zokhazo. Mapesi akhale, abereke, tidye chowotcha. Chimanga chokongola chonchi n'kudula? Chaka cha mbozi chino?"

Zilole anapukusa mutu.

"Chimangachi chikakhwima, amalume adzabwera," anatero. "Akudziwa mizere yake. Sitingagone kumunda mpaka Meyi. Adzathyola, n'kukagulitsa pa Linthipe, anthu n'kukabzala m'minda yonse. Komanso ngayaye sizituluka tsiku limodzi, amayi. Ine ndimakhala kusukulu, inu kudimba. Imodzi yokha ikatiphonya?"

"Ukudziwa chimene ukutaya? Ukadula ichi wadula sukulu yogonera. Mwina ndi yoyenderayo. Ine kachewere wanga wa kudimba sangakwanitse zonse zimene Kenan amachita."

"Ndikudziwa."

"Sindikukakamiza. Unabzala wekha osandifunsa. Udule wekha kapena usiye wekha. Koma azakhali ako ukawauza ndi pakamwa pako, ine sindikunyamulira."

"Chikwanje chili kuti?"

"Pa chitsa paja. Vula kaye yunifolomu, tenga chitenje ichi."

Phesi loyamba linali lonenepa, lamadzi, ndipo linafuna kutema kawiri. Zilole anadula mzere woyamba akulira. Wachiwiri analeka kulira chifukwa manja anayamba kuwawa. A Falesi sanagwire chikwanje, koma ankatola mapesi n'kumanga mitolo.

"Aphunzitsi ati si poizoni?"

"Ati si poizoni."

"Ndiye mbuzi zidye. Pano sipatayika kanthu."

Mmene dzuwa linkalowa, kumtunda kunali zitsa zokhazokha.

6. Amalume afuna chawo

Mawa lake, atachoka kusukulu, Zilole anawoloka mtsinje. Anapeza a Monika akusenda nyemba pakhonde, ndipo anawauza zonse osakometsa.

A Monika sanakalipe. Anatambasula manja awo n'kuwayang'anitsitsa pafupi ndi maso.

"Manja awa sanandinamizepo," anatero. "Ndinasangalala kwambiri, n'chifukwa chake. Phesi lopanda bala ngakhale limodzi, chaka cha mbozi, ndikadayenera kufunsa." Anapapasa ndodo yawo. "Tiye. Lichero langa likadalipo."

Kumunda anayambiranso kumunsi. Ulendo uno ankafuna phesi lolumidwa koma losagonja, limene latulutsa masamba atsopano pamwamba pa mabala. Akalipeza ankamanga mfundo. A Falesi ankayenda pambuyo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatsutse kanthu.

Ali m'kati momanga, njinga yamoto inalira kumsewu. Nkhani ya mitolo ya chimanga chachiwisi m'khola la mbuzi inali itafika kale pa Linthipe. A Kenan anatsika, anadutsa m'mizere osapereka moni, n'kukaima pa zitsa zija.

"Chimanga changa chili kuti?"

"M'mimba mwa mbuzi, achimwene," anatero a Falesi. "Mukafuna manyowa mubwere ndi thumba."

"Sindikuyankhula ndi inu. Zilole, bwera kuno."

Zilole anabwera n'kugwada chapatali, monga amachitira mwana kwa amalume ake.

"Tinapangana chiyani?"

"Munati ndibzale, chikauma ndikupatseni."

"Ndiye?"

"Ndinabzala, amalume. Koma sindikupatsani. Chikadalowa mu mthikinya wa azakhali."

"Mthikinya." A Kenan anaseka mopanda chimwemwe. "Taonani munda uwu. Masamba ngati ukonde. Ine ndakubweretserani chinthu chimene mayiko olemera akudya, inu mukukakamira chimanga cha agogo chodyetsa mbozi. Ndiye mudzati umphawi ndi ufiti."

"Mwina n'chabwinodi, bambo," anatero a Monika osasiya kumanga. "Chikadzabwera masana, ndi anthu oti tikhoza kuwafunsa, tidzachiyesa kumunda kwina. Koma chanu chikatha mukakwera basi n'kukatenga china. Changa chikatha ndikwera chiyani?"

A Kenan anawafulatira. Analoza Zilole.

"Mbewu imene ija ndinavutika nayo pa malire. Undibwezere. Kaya uitenga kuti."

"Ndilibe, amalume. Ndipo ikadakhalapo sindikadakupatsani."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, koma onse anawamva.

"Ndiye za Fomu 3 uiwale. Yogonera, yoyendera, zonse. Usadzapondenso pa golosale panga."

Zilole anayang'ana nsapato zake zakusukulu. Anayamba kumasula zingwe.

"Iwe, vala nsapatozo," anatero a Falesi. "Zimenezo anakupatsa botolo lisanabwere, sizili m'pangano." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Kenan, ngongole ya alamu anga ndi iyi ndikubweza, mukuiona. Inalowa masana, ikutuluka masana. Yanu munapangana ndi mwana kuseri kwa kauntala. Imeneyo sindibweza lero, sindibweza mawa. Botolo lanu lili pawindo, mukatenge. Ndasungiramo mchere, mukhuthule."

A Kenan anayang'ana akazi atatuwo, mmodzimmodzi. Kenaka anasasa fumbi pa buluku lawo, ndipo nkhope yawo inamasuka.

"Mwadzivutitsa chabe," anatero. "Mukuona ngati botolo linali limodzi?"

Anatsika kumsewu, njinga inalira, n'kupita.

Zilole anaimirira. Anatembenukira kumene mphepo inkachokera. Kupitirira malire a munda wawo, kupitirira mzere wa nthochi, m'mphepete mwa nkhalango, munali munda wa a Zikhalo, anzawo a bawo a amalume ake. Pakati pa chimanga chobookabooka panali chigawo chimodzi chobiriwira bii, chachitali mofanana ngati chometa. Chimenecho sichinachedwe kubzalidwa. Ngayaye zake zinali zitatambasuka kale.

A Falesi nawo anachiona. Anagwira pakamwa.

A Monika anali atagwira tsamba, mfundo ili theka. Anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Alamu, bwanji mwakhala chete? Zilole, ukuona chiyani kumtundako?"